Nsalu ya agogo ndi buluku la pa Lizulu

Awerengi anzanga a kuno ku Angonia, ndi inu a tsidya lija la msewu ku Dedza ndi ku Ntcheu, sabata ino ndati ndiulule mlandu umene ndakhala nawo mumtima kwa zaka zoposa 30. Ndi mlandu wa nsalu yoyera ya mikwamba iwiri. Wopalamula ndine, wodandaula anagona kalekale, ndipo amene anadzautukula ndi mlendo wochokera ku India amene agogo anga sanawaonepo n'kamodzi komwe.

Agogo anga aamuna, obala amayi, anali Mngoni wa m'munsi mwa phiri la Domwe. Pa unyamata wawo anakagwirako ntchito ku Salisbury, kumene lero timati ku Harare, ndipo mabuluku ankawadziwa bwino. Anali nawo awiri olimira ndi oyendera. Koma likafika tsiku la mlandu pabwalo, la chinkhoswe, kapena la maliro a munthu wamkulu, ankatsekula bokosi lawo lachitsulo n'kutulutsamo nsalu yoyera ya merekani. Anaigula m'sitolo ya Mmwenye pa Vila Coutinho, pamene lero timati pa Ulongwe. Ankaizunguliza m'chiuno, mbali yotsala n'kuiponya paphewa, kenaka n'kunyamula chibonga chawo. Akamadutsa choncho m'mudzi ngakhale ana osamva ankapatuka m'njira. Agogo aakazi ankaichapa okha nsaluyo, osalola mtsikana aliyense kuigwira, ndipo ankaiyanika pa udzu wabwino kuseri kwa nkhokwe. Poipinda agogo aamuna ankakonda kunena kuti, "Iyi ndiyo idzandiperekeze." Ine mawuwo ndinkawamva, koma ndinkangoti n'zolankhula za nkhalamba.

Nkhondo itatikulira mu 1986 tinathawa usiku kuwolokera ku Malawi, monga anachitira ambiri a inu. Ng'ombe zinatsala m'khola, chimanga chinatsala m'nkhokwe. Amayi anasenza mapoto ndi mwana kumbuyo, ine ndinanyamula mphasa, agogo anasenza bokosi lawo lija. Tinapatsidwa malo m'mudzi wina pakati pa Dedza ndi Lizulu, ndipo ine ndinayamba sukulu komweko. Vuto linali kabudula. Ndinali naye mmodzi yekha, wa zigamba zitatu kumbuyo, ndipo ndikaitanidwa kukalemba pa bolodi kalasi yonse inkafa n'kuseka. Amene anakhalapo mnyamata wa zaka 15 akudziwa kuti pa msinkhu umenewo kusekedwa kumawawa kuposa njala.

Tsiku lina la msika mu 1988, agogo atapita kukalandira ufa, ndinatsekula bokosi, n'kutenga nsalu ija, n'kuibisa m'malaya. Ndinayenda wapansi mpaka pa Lizulu. Wogulitsa kaunjika, zimene kuno timati kalamidade, anaitambasula, naiyang'ana padzuwa, nandiyang'ananso ine. Sanandifunse kumene ndaitenga. Anandipatsa buluku lakuda ndi matambala pang'ono, amene ndinagulira zitumbuwa n'kudya ndekha m'njira.

Kunyumba ndinanama kuti bulukulo ndapatsidwa ndi mnzanga wa kusukulu. Panapita sabata ziwiri. Madzulo ena agogo anandiitanira kuseri kwa chisakasa chathu. Ndinapita nditakonzekera ndodo. Iwo anangondiyang'ana kuyambira m'chiuno mpaka ku akakolo, nafunsa kuti, "Buluku lakukwana, mdzukulu wanga?" Ndinati landikwana. Anati, "Chabwino. Ulisamale." Nkhani inathera pomwepo. Sanawauze amayi, sanaitchulenso mpaka tsiku lawo lomaliza.

Anatisiya mu Juni 1989, mwezi wa chisanu chija cholasa m'mafupa. Akuluakulu osambitsa maliro atatsekula bokosi kuti atenge nsanda, anapezamo chiphaso chakale cha ku ntchito ndi kachikwama ka fodya basi. Ndalama yogulira nsalu ina panalibe. Munthu amene anasenza nsalu yake usiku wonse kuthawa nayo zipolopolo tinamukulunga m'bulangete lotuwa la chithandizo cha othawa nkhondo. Amayi analira kawiri, kulira bambo awo ndi kulira manyazi. Ine ndinaima kumanda nditavala buluku lija, pakamwa nditatseka. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992 tinabwerera kwathu chaka chotsatira, koma agogo anatsala tsidya lija, m'manda a eni ake.

Zaka zinapita. Ndinaphunzira kuyendetsa galimoto, ndipo migodi ya malasha itatsekulidwa ku Moatize ndinapeza ntchito pa kakampani kena konyamula katundu. Nthawi imeneyo Amwenye ogwira ntchito za m'migodi anali atayamba kuchuluka ku Tete, makamaka kuchokera mu 2014 pamene makampani a ku India anagula mgodi wa Benga. Pa galaja yathu panali makaniko wina wachikulire, wakuda pafupifupi ngati ife, wochokera kufupi ndi mzinda wa Madurai m'chigawo cha Tamil Nadu, kumwera kwa India. Ife tinazolowera Amwenye a masitolo, amene ambiri makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa dzikolo. Uyu anali wamtundu wina, chilankhulo china, ndipo manja ake ankakhala a girisi ngati athu. Tinkangowatchula kuti a Makaniko. Tinkamvana m'Chingerezi changa cha ku Dedza chija.

M'mawa wina pakati pa Januwale 2015, a Makaniko anatulukira pa galaja asanavale ovolosi. Anali atamanga nsalu yoyera mbee kuchokera m'chiuno mpaka ku akakolo, malaya oyera, ndi kansalu kena kopinda paphewa. M'manja anali ndi poto wa mpunga wophika ndi mkaka ndi shuga wofiira. Anyamata a pa galaja anaphulika kuseka. Wina anati, "Taonani, madala abwereka kapulana ya akazi awo!" Wina anafunsa dzina la chovalacho, ndipo atamva kuti ena amachitcha dhoti, anati, "Dothi loyera chonchi munalionapo kuti?" Ndisakunamizeni, nanenso ndinaseka. Koma pamene a Makaniko anatembenuka n'kukonza kansalu ka paphewa ndi dzanja limodzi, kuseka kunandithera pakhosi. Ndinaona agogo anga akupita kubwalo.

Pa nthawi ya nkhomaliro ndinakakhala nawo pansi pa mtengo n'kuwafunsa. Akulu anati safunsa anadya phula. Anandiuza kuti tsikulo linali la Pongal, chikondwerero chawo chothokoza chifukwa cha zokolola, chimene chimachitika pakati pa Januwale chaka chilichonse. Amaphika mpunga mpaka usefukire mumphika, kusonyeza kuti chaka chidzaze. Tsiku lotsatira ndi la ng'ombe: amazisambitsa, kuzipaka utoto m'nyanga ndi kuziveka maluwa. Nditamva zimenezo ndinati anthu awa ndi Angoni anzathu ndithu.

Chovalacho kwawo amachitcha veshti. Anansi awo a ku Kerala amati mundu, ndipo yawo yapaphwando imakhala ndi mzere wonga golide m'mphepete, imene amavala kwambiri pa chikondwerero cha Onam cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Dzina lakuti dhoti ndi la kumpoto kwa India. Ndi nsalu ya thonje yosasoka, yopanda batani, yopanda lamba. Singano siidutsapo. Munthu amangoizunguliza n'kuipisa m'chiuno, ndipo wodziwa amatha kuthamanga nayo osagwa. Chimene chinandidabwitsa ndi kayezedwe kake. Amayeza ndi muzham, ndiye kuti kuchokera pa chigongono mpaka kunsonga ya chala, chimodzimodzi mkono wathu uja. Yaing'ono ndi ya mikono 4, yaikulu yovala mophatikiza ndi ya mikono 8. Inu akuluakulu mukudziwa kuti mikono 4 ndiwo mkwamba umodzi. Choncho yaikuluyo ndi mikwamba iwiri, ndendende nsalu ya agogo anga.

Ili ndi mwambo wake. Pogwira ntchito kapena podutsa m'matope mwamuna amaipinda kufika m'maondo, koma akangoona munthu wamkulu, kapena akamalowa m'nyumba yopemphereramo, amaitsitsa msanga mpaka ku akakolo. Kulankhula ndi apongozi nsalu ili m'maondo ndi chipongwe, monga kuno kulankhula ndi mfumu chipewa chili kumutu. Mkwati amaivala pa ukwati wake, ndipo kupatsa munthu wamkulu veshti yatsopano ndi ulemu waukulu. A Makaniko sanandibisire zowawa zake. Kale kwawo, anthu amene ankaonedwa ngati a mtundu wapansi sankaloledwa kuima pamaso pa a mtundu wapamwamba kansalu kali paphewa. Ankayenera kukachotsa n'kukamanga m'chiuno kapena kukapana m'khwapa. Anati abambo awo anaziona zimenezo ndi maso, n'chifukwa chake iwo kansaluko amakaika paphewa mosaopa munthu.

Ndinawafunsa ngati achinyamata a kwawo saiseka. Anaseka okha, nati kumeneko nakonso buluku lalowa, ambiri amaivala pa zikondwerero pokha. Ndipo anandisimbira nkhani imene inali ikadali yatsopano. Mu Julaye 2014 woweruza wina wa khoti lalikulu la Madras anabwezedwa pakhomo la kalabu ina ya masewera mu mzinda wa Chennai chifukwa anavala veshti, malamulo a kalabuyo akufuna zovala zachizungu. Anthu anakwiya, ndipo mwezi wotsatira nyumba ya malamulo ya Tamil Nadu, pa nthawi ya ulamuliro wa mayi Jayalalithaa, inakhazikitsa lamulo lakuti woletsa munthu kulowa pamalo chifukwa cha chovala chamakolo akhoza kumangidwa chaka chimodzi ndi kulipa chindapusa cha ma rupee 25,000. Ananyadiranso kuti ndi kwawo ku Madurai kumene Mahatma Gandhi, mu Seputembala 1921, anasankha kuvala kansalu kakafupi ka anthu osauka moyo wake wonse. Uyu anali loya wophunzira ku London, amene anakhala ku South Africa kuyambira 1893 mpaka 1914 ndipo masuti ankawadziwa. Mu 1931 anakaonana ndi mfumu George V ya ku Mangalande atavala kansalu komweko. Inu amene munayendako ku Durban mwina munawaona Amwenye akuda ngati a Makaniko. Ambiri ndi zidzukulu za anthu a kumwera kwa India amene anayamba kufika kumeneko mu 1860 kudzalima nzimbe.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kufunsafunsa za nsalu kwa aphunzitsi opuma ntchito ndi kwa okalamba a kwathu. Ndinapeza kuti nsalu yoyera ndi ife tinadziwana kalekale. Makolo athu asanaione ya m'sitolo ankavala zikopa ndi chiwondo chosula ku khungwa la mombo, koma m'chigwa cha Zambezi ndi cha Shire anthu ankalima thonje n'kuwomba okha nsalu yosanyika yotchedwa machira. Inkayenda ngati ndalama m'misika ya ku Sena ndi ku Tete, ndipo David Livingstone anawapeza Amang'anja akuwomba pamene anakwera Shire mu 1859. Nsalu za ku India nazo zinkabwera ndi zombo kwa zaka mazanamazana. Vasco da Gama atadutsa pa chilumba cha Mozambique mu 1498 anakafika ku Calicut, m'dera la Kerala lomwelo, mzinda umene unapereka dzina ku nsalu ya kaliko. Dziko lathu lino Apwitikizi ankalilamulira kuchokera ku Goa, ku India, mpaka 1752. Merekani ya agogo ija dzina lake likuchokera ku America, chifukwa zombo za kumeneko ndizo zinayamba kuibweretsa ku Zanzibar cha m'ma 1830, koma nkhondo yawo ya 1861 mpaka 1865 itasokoneza malonda, mafakitale a ku Bombay anadzatenga msikawo, dzina lokha n'kutsala. Palinso mbali yowawa imene sitiyenera kuiwala: kuyambira 1938 mpaka 1961 atsamunda ankakakamiza anthu m'madera ambiri a Mozambique kulima thonje pa mtengo wachabechabe, olimawo n'kumayenda m'sanza. Munthu wa nthawi imeneyo akakhala ndi mikwamba iwiri yoyera m'bokosi, anali ataikhetsera thukuta. Izi ine pa Lizulu paja sindinkazidziwa.

Tsiku lina tikukonza lole usiku, ndinawaululira a Makaniko zonse, kuyambira kabudula wa zigamba mpaka bulangete lotuwa. Anali munthu woyamba kumva nkhaniyi. Mwina kunali kosavuta kuuza mlendo amene mawa adzapita. Anakhala chete nthawi yaitali akupukuta sipanala. Kenaka anati kwawonso achibale amabwera ndi nsalu yatsopano pa maliro, ndipo akumvetsa chimene amayi analirira. Sanawonjezepo china. Koma mu 2017, ntchito yawo itatha, anabwera kudzatsazika ndi kaphukusi ka pepala. Munali veshti yatsopano ya mikono 8, ya kamzere kobiriwira m'mphepete. Anati, "Achimwene, iyi si yogulitsa." Tonse tinaseka, koma ine misozi inali m'maso.

Maganizo anga oyamba anali akuti ndipite nayo kumanda tsidya lija, ndikaiyale pamtumbira wa agogo, ngongole ithe. Koma kuti nditero ndinayenera kuyamba ndawauza amayi, amene tsopano ndi okalamba ndipo maso akuwavuta. Ndinagwada pakhonde pawo n'kufotokoza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Iwe ukuganiza kuti sindinkadziwa? Mnzako wa kusukulu wopatsa anthu mabuluku anali ndani m'chaka cha njala chija? Agogo ako anandiletsa kukufunsa. Anati mwana wavala, basi." Anaipapasa nsaluyo ndi zala, naiika pamphuno. "Wakufa sasintha zovala, mwanawe. Bambo anafunda bulangete lawo, anagona. Iyi uvale ndiwe, anthu aone mmene ankaonekera."

Mwayi unapezeka mu Ogasiti 2018, pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga, pamene ine monga malume ndinayenera kukhala kutsogolo. Mwana wanga wamwamuna atamva anakana kwamtuwagalu. Anati, "Bambo, musatichititse manyazi. Anthu adzati mwavala chitenje cha amayi. Masuti obwereka alipo pa Ulongwe, ndalama ndilipira ndine." Sindinamukalipire, pakuti mawu amenewo ndinawadziwa, anali mawu a mnyamata wa buluku lakuda uja. Ndinamukhazika pansi n'kumusimbira zimene ndakusimbiranizi. Sanavomere ndi pakamwa, koma m'mawa wa tsikulo ndi iye amene anandiyatsira makala a simbi.

Kunena zoona sizinayende bwino zonse. Veshti anaipangira dziko lotentha ngati Tete, ndipo mphepo ya kuno kumapiri siyimva chifundo, choncho ndinavala jekete pamwamba. Kumanga kwake nako kunandivuta. Ndikutsika pa ngolo ndinamva ikumasuka m'chiuno, ndipo pakanapanda mkulu wina wa zaka za m'ma 80 amene anandikokera kuseri kwa nyumba, bwenzi lero mukuimba nyimbo za ine. Mkuluyo anaimanga mwa changu ngati anachita dzulo, mbali ina n'kundiponyera paphewa monga ankachitira akale, nati, "Abambo anga ankamanga chonchi." Achinyamata ena anaseka, ena anajambula pa mafoni. Koma nditalowa pabwalo, gogo wina wamkazi anaimirira ndi ndodo yake, nalulutira, natchula mfunda wa agogo anga katatu. Amayi anali atakhala pamphasa. Sankaona bwino, koma anamva.

Abale anga, sindikunena kuti titaye mabuluku. Ine ndemwe ndikulemba izi nditavala buluku. Ngongole ya agogo nayo sindinganene kuti ndabweza, chifukwa mwini wake anaikhululuka ndisanapemphe n'komwe, ndipo ngongole yotero siibwezeka. Chimene ndaona n'chakuti tikapita ku Umhlangano ku Nkolimbo, kapena tikamavina ngoma kuno kwathu, timakumbukira zikopa, nyoni ndi zishango, zovala za nkhondo ndi za gule. Koma nsalu imene akuluakulu ankavala poweruza milandu, pomanga maukwati ndi poperekeza anzawo, ija yamtendere, taiiwala, mpaka tikaiona pa mlendo timaiyesa kapulana. Okalamba odziwa kumanga kwake atsala owerengeka m'midzi yathu. Ngati muli nawo pakhomo, afunseni chaka chino akuonetseni, pakuti mawu a akulu amakoma akagonera, koma manja a akulu akagona sadzukanso.

Nsalu ija tsopano ili m'bokosi lachitsulo lomwe lija la agogo, limene amayi anandipatsa. Ana anga ndawauza kale ntchito yake yomaliza, ndipo ulendo uno amva. Bokosilo sindikhoma. Ndili ndi mdzukulu wamwamuna amene akukula msanga, ndipo akabudula ake akuyamba kumuchepera. Ndamuuza kuti buluku likadzamusowa asadzavutike n'kutsekula bokosi. Adzangondiuza, tidzapitira limodzi pa Lizulu.